Ditekita, Mpini Wake ndi Mabatire Ake: Zoyenera Kudziwa Banja Lisanagulitse Ng'ombe

Mawu okambidwa pa msonkhano wa chitukuko wa anthu a m'dera la Champhira, m'boma la Mzimba



Nkhani ya golide yalowa m'makomo ambiri masiku ano. Imamveka pamsika wa Jenda, m'maminibasi a mumsewu wa M1 ndiponso pamabwalo pamene achinyamata amacheza madzulo. Pamodzi ndi nkhaniyi pabwera dzina la chipangizo china chotchedwa ditekita, makina amene amalira akadutsa pamwamba pa chitsulo chobisika m'nthaka. Ena anawaona pafoni, ena anawamva kwa abale awo a ku Joni, ndipo ena anawaona ndi maso kumalo okumba golide. Popeza ditekita ya kufakitale ndi yokwera mtengo, pali anthu aluso amene akufunsa ngati n'zotheka kupanga yawo, kapena kukonza yakale imene inathyoka mpini ndi kutha mabatire.

Funsoli ndi labwino ndipo liyenera kuyankhidwa moona mtima, chifukwa ndalama zimene zikukambidwa pano si zotola. Ndi ndalama za fodya, za tomato, za anyezi ndi mbatatesi, mwinanso za ng'ombe imene banja linaisunga zaka zambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mawu awa akonzedwa kuti munthu asanatsegule khola, akhale atadziwa zimene ditekita imachita, zimene singachite, mmene mpini wake umapangidwira, mabatire oyenera, ndi zimene malamulo a dziko amanena.

Mmene ditekita imagwirira ntchito

Ditekita ili ndi zigawo zinayi: koyilo, chimbale chija chimayenda pafupi ndi nthaka, kabokosi ka zamagetsi, mpini wolumikiza ziwirizi, ndi mabatire. M'kati mwa koyilo muli waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Magetsi akamayenda m'wayamo amabala mphamvu ya maginito imene imalowa m'nthaka. Mphamvuyi ikakumana ndi chitsulo cha mtundu uliwonse, kaya msomali, ndalama, mtovu kapena golide, imadzutsa timagetsi m'chitsulomo, ndipo timagetsito timabweza mphamvu yakeyake yofooka kwambiri. Koyilo imamva mphamvu yobwererayo, kabokosi n'kuisandutsa kulira.

Nzeru imeneyi si ya dzana. M'chaka cha 1881, Alexander Graham Bell, amene amadziwika ndi telefoni, anapanga makina otere pofuna kupeza chipolopolo m'thupi la mtsogoleri wa dziko la America, James Garfield. Chipolopolocho sichinapezeke, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa n'chakuti bedi limene wodwalayo anagonapo linali ndi zitsulo zimene zinasokoneza makinawo. Phunziro la tsiku limenelo likugwirabe ntchito mpaka lero: ditekita sisankha chitsulo chimene mwini wake akufuna, imamva chilichonse chimene chili pafupi. M'chaka cha 1941, msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga ditekita yofufuzira mabomba okwiriridwa. Makina a mtundu umenewu anathandizanso anansi a ku Mozambique, amene mu 2015 analengeza kuti atsiriza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika.

Masiku ano mitundu yodziwika ndi itatu. Wa BFO ndi wosavuta kupanga, ndipo ndi umene ophunzira amayambira, koma sumva patali. Wa VLF ndi umene uli wofala m'masitolo. Umatha kusiyanitsa pang'ono chitsulo wamba ndi zitsulo zina, ndipo sudya mabatire kwambiri. Wa PI umatumiza magetsi modukizadukiza koma mwamphamvu. Umapirira nthaka yovuta, koma umadya mabatire ndipo susiyanitsa bwino msomali ndi golide.

Zimene ditekita singachite

Apa ndi pamene mabanja ambiri angapulumutse ndalama zawo. Boma la Mzimba limadziwika ndi miyala ya mtengo wapatali monga aquamarine, tourmaline ndi rose quartz, monganso boma la Lundazi kutsidya kwa malire. Miyala imeneyi si zitsulo, ndipo ditekita siimva. Munthu angayende nayo tsiku lonse pamwamba pa aquamarine popanda kulira kulikonse. Wogulitsa amene akunena kuti makina ake amapeza miyala yotere akunama.

Chachiwiri, golide wambiri amene amapezeka m'mitsinje, monga m'chigwa cha Lisungwe kummwera kapena mumtsinje wa Dwangwa, amakhala wa fumbi kapena timibulu tating'onoting'ono tosakanikirana ndi mchenga. Golide wotere amapezeka posungula mchenga ndi madzi. Ditekita imamva mbulu umodzi pawokha. Fumbi lomwazikana silimva.

Chachitatu ndi kuya. Ditekita wamba imamva ndalama yachitsulo pa masentimita 20 kapena 30, ndipo kambulu ka golide kofanana ndi njere ya mpunga imakamva pa masentimita ochepa chabe. Chinthu chachikulu ngati khasu chimamveka mozamirapo, koma palibe ditekita ya m'manja imene imamva kambulu ka golide pa mamita asanu. Komanso nthaka yofiira ya katondo ili ndi chitsulo chachilengedwe, ndipo miyala ina yakuda imene imakokedwa ndi maginito imaliza makina ngati kuti pali chuma. Ditekita yopanda njira yoichunira kuti izolowere nthaka ya pamalopo imangolira paliponse, mwini wake n'kutha tsiku akukumba maenje opanda kanthu.

Palinso zipangizo zina zokhala ndi timawaya tozungulira ngati ta wailesi, zimene ogulitsa amati zimaloza golide ali pamtunda wa makilomita. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Britain, mu 2013, khoti linalamula James McCormick kukakhala kundende zaka khumi chifukwa chogulitsa zipangizo za mtundu wolozawu, zotchedwa ADE 651, ponama kuti zimapeza mabomba. Maboma athunthu anapusitsidwa nazo. Ngati maboma anagwa m'mbuna imeneyi, mlimi wa ku Champhira ayenera kuchenjera koposa.

Ngakhale chonyezimira chitapezeka, si chonse chili golide. Nthaka ya Mzimba ili ndi mica wambiri amene amawala padzuwa, ndipo mwala wa pyrite wapusitsa anthu ambiri. Golide ndi wofewa: akamenyedwa ndi hamala amaphwatalala, pamene pyrite amaphwanyika. Golide ndi wolemeranso kwambiri, kuposa madzi ochuluka mofanana naye ka 19.

Kupanga mpini

Mlimi aliyense amadziwa kuti khasu lakuthwa pa mpini woipa limatopetsa msanga. N'chimodzimodzi ndi ditekita. Koyilo ndi kabokosi zimafuna luso la zamagetsi, ndipo ziyenera kukhala zogwirizana. Koma mpini angaupange mmisiri wa m'mudzi ndi zipangizo zopezeka pa Jenda kapena ku Mzimba boma.

Lamulo loyamba n'lakuti kumunsi kwa mpini kusakhale chitsulo. Kuyambira pa koyilo kukwera masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pa ditekita ya PI kufikira theka la mita, pakhale pulasitiki, mtengo wouma kapena nsungwi. Chitsulo chokhala pafupi ndi koyilo chimachepetsa mphamvu ya makina, ndipo chikamagwedera ngakhale pang'ono, makina amalira ngati apeza kanthu pansi. Polumikiza koyilo ndi mpini pafunika kabawuti ka pulasitiki kapena kachikhomo ka mtengo wolimba. Msomali, waya womangira ndi bawuti zachitsulo siziloledwa pamenepa. Pakati pa makutu a koyilo ndi mpini paikidwe timphira todulidwa ku chubu cha njinga, kuti koyilo izitha kupendeka ikakankhidwa ndi dzanja koma isamagwe yokha.

Paipi ya madzi ya PVC ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito. Ya mamilimita 20 imalowa mu ya mamilimita 25, kotero mpini umatha kutalikitsidwa ndi kufupikitsidwa: mmisiri amaboola mabowo angapo motsatana n'kumatsekera ndi kachikhomo. Vuto la PVC n'lakuti imapindika, makamaka ikatenthedwa ndi dzuwa la mu Okutobala. Mpini wopindika umagwedeza koyilo kumapeto kwa kuweyula kulikonse. Mankhwala ake ndi kulowetsa m'paipimo kandodo kouma kokwana bwino. Nsungwi ndi yopepuka ndi yolimba, koma iyenera kukhala yokhwima, youma ndi yopakidwa vanishi, popeza imang'aluka ndipo imafumbwa. Mtengo wauwisi ndi wosayenera chifukwa umalemera ndipo umakhota ukamauma. Kumtunda kwa mpini chitsulo chopepuka cha aluminiyamu n'chololedwa, ndipo ndodo yakale yoyendera odwala, ija ili ndi pogwira ndi pokoleka mkono, imagwira bwino ntchito imeneyi ngati mwini wake anathana nayo.

Kutalika kwa mpini kumayezedwa pa thupi la mwini wake. Munthu aime chilili, mkono uli wotambasuka momasuka, ndipo koyilo igone pansi patsogolo pa mapazi ake pafupifupi phazi limodzi ndi theka. Mpini waufupi umaweramitsa msana ndipo umayandikizitsa koyilo ku nsapato. Wautali kwambiri umalemetsa kutsogolo. Nsapato za chitsulo kumphuno, zimene ambiri amabwera nazo kuchokera ku Joni, zimaliza makina pa sitepe iliyonse. Jombo za mphira ndizo zoyenera.

Pogwira pakhale popendekera kutsogolo pang'ono, pokulungidwa ndi malegeni kuti dzanja lisaterereke ndi thukuta. Kumapeto kwa mpini, pafupi ndi chigongono, paikidwe pogonekera mkono. Chidutswa cha paipi yaikulu chodulidwa pakati, choyalidwa siponji ndi kumangidwa kalamba, chimakwanira. Popanda chimenechi kulemera konse kumagwera pa dzanja, ndipo munthu sangathe ola limodzi asanatope.

Chinsinsi china ndi kugawa kulemera. Maditekita ambiri opepuka a kufakitale salemera kupitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Wopanga yake ayese kusapitirira pamenepo, ndipo zolemera monga mabatire aziike kumbuyo kwa chigongono kapena m'kachikwama ka m'chiuno. Njira yoyesera ndi yapafupi: mpini wonse ukakhazikidwa pa chala pafupi ndi pogwira, usagwere kutsogolo mwamphamvu.

Pomaliza pali chingwe chochokera ku koyilo kupita ku kabokosi. M'chingwemo muli kopa, ndipo makina amachimva chikamalendewera. Chikulungidwe mozungulira mpini mothina bwino, chimangidwe ndi tepi kapena malegeni, koma pafupi ndi koyilo pasiyidwe mpata pang'ono kuti chisaduke koyilo ikapendeka. Zambiri mwa zimene anthu amati makina awonongeka zimakhala chingwe chogwedera kapena choduka m'kati.

Kusankha mabatire

Batire lili ndi manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi mavolti, mphamvu yokankhira magetsi, ndipo iyenera kugwirizana ndi zimene kabokosi kamafuna. Mavolti akachepa makina amafooka kapena kuzima. Akachuluka, kabokosi kamapsa. Yachiwiri ndi ya mAh, imene imaonetsa kuchuluka kwa magetsi osungidwa, monga malita a m'chigubu. Kuti munthu adziwe maola amene batire lingagwire, agawe nambala ya mAh ndi magetsi amene makina amadya. Mwachitsanzo, mabatire a 2000 mAh pa makina odya 100 mA angagwire maola pafupifupi 20. Pa makina a PI odya 400 mA angagwire maola asanu okha. Kunena zoona maola amachepa pang'ono kuposa apa, choncho ndi bwino kuwerengera mosiya mpata. Mabatire akalumikizidwa mondondozana, mutu wa lina ku thako la linzake, mavolti amaonkhetsedwa koma mAh imakhala yomweyo.

Mabatire otchipa a tochi ndi wailesi, amene amagulitsidwa m'maokala, ambiri ndi a mtundu wa zinc-carbon. Ali ndi mavolti 1.5 koma amatha msanga, ndipo akasiyidwa m'makina amatuluka madzi amene amadya timapulingi ndi mawaya. A alkaline ali ndi mavolti omwewo ndipo amakhalitsa, koma akatha atha. Munthu wofufuza tsiku ndi tsiku angawononge ndalama zambiri pa iwo kuposa mtengo wa mpini ndi koyilo. Kabatire kamakona anayi ka mavolti 9 kamasunga magetsi ochepa, pafupifupi 500 mAh, kotero kamayenera makina ang'onoang'ono okha.

Mabatire otchajidwa a NiMH, ofanana kukula ndi a AA, ndi amene ali ndi chitetezo chokwanira kwa oyamba kumene. Amatchajidwa kambirimbiri ndipo sayaka wambawamba. Chofunika kukumbukira n'chakuti lililonse lili ndi mavolti 1.2. Mabatire asanu ndi atatu a alkaline amapereka mavolti 12, koma asanu ndi atatu a NiMH amapereka 9.6, kuti afike pa 12 pafunika khumi.

Mabatire a lithium otchedwa 18650, amene amapezeka m'matochi otchaja ndi m'mabatire a malaputopu, ndi opepuka ndipo amasunga magetsi ambiri. Lililonse lili ndi mavolti 3.7, ndipo likadzaza limafika pa 4.2. Atatu ondondozana amapereka 11.1, akadzaza 12.6, zimene zimayenera makina ambiri a mavolti 12. Anayi akadzaza amafika pa 16.8, ndipo angathe kuotcha kabokosi. Mabatire amenewa ali ngati moto wa m'dimba: amathandiza akamayang'aniridwa. Akatchajidwa mopitirira, akaboola, akaphwanyika kapena mawaya ake akagundana, amayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo nyumba ya udzu singapulumuke. N'chifukwa chake sayenera kulumikizidwa popanda kabolodi koteteza kotchedwa BMS, kamene kamadula magetsi batire likadzaza kapena likatsika kwambiri. Tchaja ikhale yopangidwira lithium. Kulumikiza mabatirewa mwachindunji ku sola kapena ku batire la galimoto ndi kuitana ngozi. Atchajidwe masana, pa simenti kapena pa dothi, kutali ndi zofunda, munthu ali pafupi. Lotupa, lachita dzimbiri kapena lotentha likamatchajidwa lichotsedwe. Osasakaniza akale ndi atsopano, kapena a mitundu yosiyana.

Pamsika pali chinyengo chimene chiyenera kudziwika. Batire lenileni la 18650 silipitirira kwenikweni 3500 mAh, ndipo limalemera magalamu pafupifupi 45. Lolembedwa 9900 mAh, lopepuka ngati bango, ndi labodza.

Batire la mtovu la mavolti 12, monga la njinga yamoto kapena lotsekedwa la 7 Ah, limapezeka mosavuta ndipo okonza njinga zamoto amalidziwa. Koma la 7 Ah limalemera makilogalamu oposa awiri, kotero malo ake ndi m'chikwama cha kumsana, osati pa mpini. Limafa msanga likamagwiritsidwa ntchito mpaka kutheratu. Ndi bwino kulitchaja likafika pa theka. Losatsekedwa limadontha asidi amene amaotcha khungu ndi zovala.

Pa mtundu uliwonse, pafupi ndi batire paikidwe fyuzi, ndipo waya wofiira ndi wakuda asasinthanitsidwe, chifukwa kulakwitsa kwa kamphindi kamodzi kumapha kabokosi. Invetala ndi mapawabanki ena amatulutsa phokoso la magetsi limene limasokoneza makina, monganso mawaya a ESCOM ndi foni ya m'thumba. Makina akasungidwa nthawi yaitali, mabatire achotsedwe.

Mabatire otha asatayidwe m'munda, m'chitsime, mumtsinje kapena pamoto, ndipo ana asawaswe. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Mzinda wa Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, ukulimbanabe ndi vutoli mpaka lero.

Kuyesa makina

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ditekita, kaya yogula kaya yopanga, iyesedwe ndalama zisanaperekedwe ndiponso ulendo usanayambike. Pamalo opanda zinyalala pakwiriridwe msomali, ndalama yachitsulo ndi kachidutswa ka mtovu kofanana ndi njere ya chimanga, chilichonse pa kuya koyezedwa ndi rula: masentimita 5, 10 ndi 20. Mtovu ndi wofunika pa mayesowa chifukwa makina amaumva mofanana ndi kambulu ka golide. Koyilo iyende mopingasa, pafupi ndi nthaka, mosathamanga, osaitukula kumapeto. Makina amene sakumva kamtovu pa masentimita 5 m'nthaka ya kuno sadzapeza golide. Kuyesa m'mwamba, kogwedeza mphete patsogolo pa koyilo, sikukwanira, popeza nthaka ndiyo imavuta. Wogulitsa wokana mayeso otere wadziulula yekha.

Malamulo, nthaka ndi moyo

Kukhala ndi makina sikupatsa munthu ufulu wokumba. Malinga ndi lamulo la migodi la chaka cha 2023, chuma cha m'nthaka ndi cha dziko, ndipo kufufuza, kukumba ndi kugula miyala kapena golide kumafuna chiphaso. Amalawi ali ndi mwayi wopempha chiphaso cha migodi ing'onoing'ono, payekha kapena m'magulu monga makopaletivu. Gulu lili ndi ubwino wina: makina amodzi oyesedwa bwino angatumikire anthu khumi, m'malo moti mabanja khumi agulitse ng'ombe khumi. Mu 2021, banki yaikulu ya Reserve inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund. Wogulitsa kwa ogula a mumdima ozembetsa pamalire amaphwanya lamulo, ndipo sikelo yake ndi mtengo wake alibe pokadandaula.

Nzeru ya kumene kuli miyala ilipo kale. Nthambi ya boma ya Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba, imasunga mapu a nthaka ya dziko lino, kuphatikizapo zotsatira za kafukufuku wa pandege uja anthu anamutcha Kauniuni, zimene zinatulutsidwa mu 2015. Kufunsa akatswiri amenewa n'kotchipa kuposa kuyendayenda m'tchire ndi makina pamalo pamene golide sanakhalepo.

Munda wa mwini sulowedwa popanda chilolezo chake, ndipo mafumu ayenera kudziwa zimene zikuchitika m'dera lawo. Manda ndi malo opatulika. Nkhalango zotetezedwa monga Perekezi, komanso paki ya Kasungu, si malo okumbamo. Magombe a mitsinje ndi madambo ndiwo moyo wa ulimi wa m'madimba umene umadzaza msika wa Jenda. Akagumulidwa, matope amatseka madzi a midzi yonse ya kumunsi. Dzenje lililonse likwiriridwe tsiku lomwelo, chifukwa lotseguka limathyola mwendo wa ng'ombe ndipo nthawi ya mvula limamiza mwana. Maenje akuya opanda zochirikiza amagumuka, makamaka nthaka ikanyowa, ndipo anthu afera m'maenje otere m'dziko muno. Ana malo awo ndi kusukulu. Lamulo limaletsa kuwagwiritsa ntchito zoopsa. Mankhwala a mercury amene ena amagwirira golide amawononga ubongo ndi impso, ndipo amalowa m'madzi ndi m'nsomba. Mayiko anagwirizana zothana nawo mu 2013 m'pangano la Minamata, lotchedwa dzina la mzinda wa ku Japan umene anthu ake anavutika ndi poizoniyu.

Ditekita imatulutsanso zinthu zakale: makasu osula, mikondo, zibangili ndi zotsalira za ng'anjo za makolo. Zimenezi ndi mbiri ya Atumbuka, Angoni ndi Achewa a dera lino, ndipo lamulo limaziteteza. Wozipeza adziwitse mfumu kuti uthenga ufike ku nthambi yoona za zinthu zakale. Chinthu chooneka ngati bomba kapena zipolopolo chisakhudzidwe. Apolisi adziwitsidwe msanga.

Ntchito zina za ditekita

Ndi bwino kukumbukira kuti makinawa ali ndi ntchito zina zimene phindu lake n'lodalirika kuposa golide. Ocheka matabwa amawagwiritsa ntchito kupeza misomali m'mitengo isanaphe sowo. Omanga amafufuzira mapaipi achitsulo ndi mawaya asanakumbe maziko. Zikhomo zachitsulo za m'malire a mapuloti zimapezeka nawo, ndipo mkangano umatha. Wachinyamata amene waphunzira kupanga mpini wabwino, kulumikiza mabatire a lithium mosamala ndi kukonza chingwe choduka, wapeza luso limene limagwiranso ntchito pa sola, matochi ndi mawailesi a m'mudzi, ndipo angalikulitse kudzera m'maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA. Luso limeneli limabweretsa ndalama ngakhale golide atapanda kupezeka.

Pempho kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko n'lakuti uthengawu ufike m'midzi yonse. Banja limene likuganiza zogula kapena kupanga ditekita liyambe lakhala pansi, bambo ndi mayi pamodzi, n'kuyankha mafunso anayi: kodi chimene chikufunidwacho makinawa amachimva, kodi ayesedwa m'nthaka ya kuno, kodi chiphaso ndi chilolezo cha mwini malo zilipo, ndipo kodi banja lidzadya chiyani ngati nyengo itatha popanda chopezeka. Mafunsowa akayankhidwa bwino, ntchito ingayambike mwa dongosolo. Ngati limodzi la iwo lilibe yankho, ng'ombe ibakhala m'khola ndipo feteleza agulidwe mvula isanagwe.